Kusamalira khungu madzulo: zolemba za momwe ndikuyendera

Poyambira

Nkhope yanga ili ndi mavuto atatu, ndipo amakokana. Loyamba ndi ziphuphu zomwe zimatuluka pachipumi ndi pachibwano, zina zamutu woyera, zina zongobisala pansi pa khungu n'kumapweteka ukazikhudza. Lachiwiri ndi mabanga akuda. Chiphuphu chimauma m'masiku ochepa, koma banga lomwe chimasiya limakhala miyezi, moti lakale likamayamba kuzimiririka, latsopano limakhala lafika kale pambali pake. Lachitatu ndi kuuma. Masaya amatuwa n'kumathina, pamene mphuno ndi chipumi zikung'azima ndi mafuta.

Sindikufuna khungu la mtundu wina ayi. Kuda kwa khungu langa si vuto loti ndilikonze. Ndikungofuna kuti khunguli likhale pamtendere, lisamatupe, lisamayabwe, lisamasiye zipsera nthawi iliyonse likavutitsidwa ndi kanthu.

Ndayamba ndi madzulo chifukwa pofika usiku nkhope imakhala itasenza zambiri: thukuta, fumbi, mafuta ake omwe, zodzoladzola ndi mafuta oteteza ku dzuwa. Mankhwala ena abwino a ziphuphu, monga tretinoin, amawonongeka ndi kuwala, n'chifukwa chake amadzoledwa pogona. Komanso khungu limataya madzi ambiri madzulo ndi usiku kuposa m'mawa, ndiye nthawi yomwe likufuna thandizo kwambiri ndi imeneyi.

Lamulo lalikulu lomwe ndadziikira ndi lakuti chinthu chatsopano chizilowa chokha, ndipo china chisalowe masabata awiri asanathe. Ukayamba zinthu zinayi usiku umodzi nkhope n'kutupa, sungadziwe chomwe chalakwa. Ikasalala, sungadziwenso choti uthokoze, ndipo umapitiriza kugula zonse zinayi. Palinso nkhani ya nthawi. Maselo a khungu amabadwira pansi n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka pamwamba, pomwe amafa n'kuyoyoka. Ulendo umenewu umatenga pafupifupi masabata 4 kwa wachinyamata, ndipo umatalika munthu akamakula. Kuweruza mafuta patangopita masiku atatu n'kungodzivuta.

Kumapeto kwa sabata iliyonse ndizijambula nkhope ndi foni: kutsogolo, tsaya lamanja, tsaya lamanzere, pamalo amodzimodzi, kuwala kofanana, popanda kukongoletsa chithunzicho. Kalilole samasunga za dzulo. Tsiku lomwe wakhumudwa amakuonetsa mabanga okhaokha.

Masabata oyambirira: kusamba kokha

Ndachotsa zonse pafupi ndi posambira kupatula sopo mmodzi wa kumaso. Sopo wosambira m'thupi wasiya kufika kunkhope, ndipo chifukwa chake n'chomveka ukaona manambala. Pamwamba pa khungu labwino pamakhala asidi pang'ono. Pa muyeso wa pH, womwe 7 ndiye pakati, khungu limakhala pakati pa 4.5 ndi 5.5. Sopo wamba amakhala pa 9 kapena 10. Ukasamba naye, amatsuka litsiro limodzi ndi mafuta omwe amamanga khungu, ndipo khungu limatenga maola kuti libwerere pamlingo wake. Kuthina kuja komwe timamva tikangopukuta, nkhope ili gwa ngati ikukoka, ambirife tinakula tikukuona ngati umboni woti tayera. Kwenikweni ndi khungu lomwe lalandidwa zake.

Sopo yemwe ndasankha ndi wamadzi, wopanda fungo, wosachita thovu lambiri. Ndimayamba ndi kusamba m'manja. Madzi ndi ofunda pang'ono, osati otentha, chifukwa otentha amasungunula mafuta a khungu mofulumira. Ndimagwiritsa ntchito nsonga za zala zokha, pafupifupi mphindi imodzi, ndipo ndimachedwa dala pamalo omwe madzi amangowadutsa: m'mbali mwa mphuno, m'mphepete mwa tsitsi, pansi pa chibwano. Chinkhupule sichifikako. Popukuta ndimangosindikiza thaulo loyera pankhope osakhula. Thaulolo ndi la kumaso kokha.

Tsiku lomwe ndadzola zodzoladzola kapena mafuta a dzuwa osachoka ndi madzi, ndimatsogoza mafuta otsukira pankhope youma, n'kusisita mpaka zonse zitasungunuka, kenako sopo uja. Mafuta amasungunula mafuta anzake, ndiye sipakhala chifukwa chokhulira. Masiku ena onse kusamba kamodzi n'kokwanira.

Zomwe zasintha: kuthina kwatha. Ziphuphu zili momwemo, ndipo sindimayembekezera kuti sopo azichotsa. Sopo amakhala pankhope mphindi imodzi yokha. Ntchito yake ndi kuyeretsa popanda kuwononga, basi.

Mafuta odzola

Apa ndiye pomwe ndachedwa kuwerenga, ndipo sindikudandaula. Dokotala wina wa khungu wa ku America, Peter Elias, anafanizira gawo la pamwamba penipeni pa khungu ndi khoma: maselo akufa ndiwo njerwa, mafuta a pakati pawo ndiwo matope omangira. Mafutawo ndi a mitundu itatu, ceramide, cholesterol ndi ma asidi a mafuta, ndipo pafupifupi theka lake ndi ceramide. Matope akagumuka, madzi a m'khungu amathawira kunja, ndipo zoyabwitsa za kunja zimalowa mosavuta. Kutuwa kwa masaya anga n'kumeneko. Mafuta omwe amang'azima pamphuno ndi ena, ochokera m'timabowo ta pakhungu, ndipo kuchuluka kwawo sikutanthauza kuti khomalo lili bwino. Munthu atha kukhala ndi nkhope yamafuta koma youma nthawi imodzimodziyo.

Mafuta odzola abwino amachita zinthu zosiyana kutengera zomwe asakanizamo. Glycerin amakoka madzi n'kuwasunga pamwamba pa khungu. Ceramide ndi mafuta ena amadzaza ming'alu. Petroleum jelly amaphimba pamwamba kuti madzi asathawe, ndipo pa ntchito imeneyi palibe womuposa, chifukwa amachepetsa kutayika kwa madzi ndi pafupifupi 98 peresenti. Ndi wakale kwambiri. Robert Chesebrough anamulembetsa ku America mu 1872, ndipo ndi amene tonse timamudziwa ndi dzina loti Vaseline. Koma iyeyu sawonjezera madzi, amangotsekera omwe wawapeza. Ukamudzola pakhungu louma kale, watsekera kuuma.

N'chifukwa chake nthawi yodzola ndi yofunika ngati mafuta eniakewo. Ndimadzola nkhope ikadali yachinyezi, pasanathe mphindi zochepa nditapukuta. Mafuta anga ndi opepuka, ali ndi glycerin ndi ceramide. Petroleum jelly ndimamusungira milomo ndi m'makona a mphuno. Pachipumi ndi pachibwano, pomwe pali ziphuphu, sindimufikitsapo.

Ndaphunziranso kutembenuza botolo. Kutsogolo kumakhala malonjezo, kumbuyo kumakhala mndandanda wa zomwe zili mkati, ndipo amazilemba kuyambira chochuluka kwambiri kutsika. Ngati chinthu chomwe chalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kutsogolo chili kumapeto kwenikweni kwa mndandanda, ndiye kuti ndi chochepa. Ndikaona mawu oti fragrance kapena parfum ndimabweza botololo pamalo pake. Fungo lokoma ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zimayabwitsa anthu kwambiri mu zodzoladzola, ndipo khungu silipindula nalo kanthu.

Ndisanadzole kumaso ndinayesera kaye pamkono. Bungwe la madokotala a khungu la American Academy of Dermatology limalangiza kudzola pang'ono mkati mwa mkono, kawiri patsiku, kwa masiku 7 mpaka 10, chifukwa kuwengedwa kwina kumachedwa kuonekera. Pamkono panalibe chilichonse, ndiye mafutawo anakwera kunkhope. Masaya asiya kutuwa. Ndikadzuka m'mawa khungu limakhala lofewa, osati lija loti ukalikanda ndi chikhadabo pamatsala kamzere koyera.

Tsitsi ndi pilo

Zithunzi zandionetsa chinthu chomwe kalilole sanandionetse. Ziphuphu za pachipumi sizinamwazikane mwachisawawa, zandandalika motsatira m'mphepete mwa tsitsi. Vutoli ndi lodziwika, ndipo madokotala Plewig, Fulton ndi Kligman analilemba kalekale mu 1970 n'kulitcha pomade acne: mafuta olemera a m'tsitsi amatsetserekera pachipumi n'kutseka timabowo. Tsopano mafuta a m'tsitsi ndimawayambira kutali ndi chipumi, ndimamanga tsitsi ndisanasambe kumaso, ndipo m'manja ndimasambamo ndikangomaliza kuligwira. Nsalu yovekera pilo ndikuisintha pafupipafupi, chimodzimodzinso kansalu komangira kumutu pogona, chifukwa zonsezi zimamwa mafuta n'kuwabwezera kunkhope usiku wonse.

Mwezi woyamba utatha: mankhwala enieni

Khungu lakhazikika, ndiye nthawi yolimbana ndi ziphuphu yakwana. Chiphuphu chimayamba kalekale chisanaoneke. Mkati mwa kabowo ka pakhungu, maselo akufa amamatirirana ndi mafuta n'kupanga kachitsekero kosaoneka ndi maso. Kumbuyo kwake mafuta amaunjikana, tizilombo totchedwa Cutibacterium acnes, tomwe timakhala pakhungu la aliyense, timachulukana, thupi n'kuyamba kulimbana nato. Kutupa, kupweteka ndi mafinya zimabwera pamapeto. Chomwe ukuchiona lero chinayamba masabata angapo apitawo. Mankhwala odontheza pachiphuphu chomwe chatuluka kale amakhala afika mochedwa.

Mankhwala omwe amagwira pachiyambi penipeni ndi a gulu la vitamini A, otchedwa retinoid. Amathandiza kuti maselo aziyoyoka mwadongosolo osamatirirana. Woyamba anali tretinoin, yemwe Albert Kligman ndi James Fulton anamuyesa pa ziphuphu ku University of Pennsylvania, ndipo anavomerezedwa ku America mu 1971. Ndi wamphamvu, koma amawawa. Adapalene anavomerezedwa kumeneko mu 1996. Sawonongeka msanga ndi kuwala ndipo anthu ambiri amamupirira bwino, moti mu 2016 wa 0.1 peresenti analoledwa kugulitsidwa ku America popanda kalata ya dokotala. M'mayiko ena kalatayo imafunikabe. Retinol wa mu zodzoladzola ndi wa banja lomweli, koma khungu limayenera kumusandutsa kawiri asanayambe kugwira ntchito, ndiye mphamvu yake ndi yocheperapo.

Ndinakaonana ndi dokotala ndisanayambe. Asanayang'ane n'komwe nkhope yanga anandifunsa kuti, "Mayi, muli ndi pakati, kapena mukuganiza zokhala ndi mwana posachedwapa?" Funso limeneli ndikulilemba pano kuti aliyense wowerenga alione. Mankhwala a gulu la retinoid sagwiritsidwa ntchito ndi mayi woyembekezera kapena yemwe akufuna kutenga pakati, ndipo woyamwitsa ayenera kufunsa kaye. Tinagwirizana za adapalene wa 0.1 peresenti.

Kadzoledwe kake kali ndi luso lake. Ndikasamba ndimadikira nkhope iume kotheratu, chifukwa khungu lonyowa limamwa mankhwala ambiri n'kuwawa. Apa n'posiyana ndi mafuta odzola aja. Ndikudikira, ndimapaka petroleum jelly pang'ono pamilomo, m'makona a mphuno ndi m'makona a maso, malo omwe khungu ndi lopyapyala ndipo mankhwala amakonda kuunjikana. Kenako ndimafinyira pachala kadontho kamodzi, kukula kwake ngati njere ya nsawawa, monga momwe pepala la malangizo limanenera. Kamaoneka kochepa zedi, dzanja n'kumafuna kuwonjezera. Ndimakagawa timadontho ting'onoting'ono pachipumi, pamasaya ndi pachibwano, n'kusisita mopepuka mpaka katatheratu. Nkhope yonse, osati pa ziphuphu pokha, popeza ntchito yake ndi kuletsa zomwe sizinatuluke. Mafuta odzola amabwera pamwamba. Ndayamba ndi kawiri pa sabata. Usiku wina wonse ndi sopo ndi mafuta basi.

Masabata ovuta

Zomwe dokotala ananena zafika. Mozungulira pakamwa khungu layamba kusupuka timamba tating'ono toyera, toonekera kwambiri ndikamwetulira. Mafuta omwe ndakhala ndikudzola mwamtendere ayamba kunyerenyetsa ndikangowapaka. Pachibwano patuluka ziphuphu zatsopano, pamalo pomwe zimatulukira kale. Zonsezi n'zodziwika m'masabata oyambirira a retinoid, ndipo ambiri amasiyira pomwepa poganiza kuti mankhwalawo awakana. Kuwengedwa kwenikweni kumaoneka mosiyana: nkhope kapena zikope kutupa, zidzolo, matuza, kuyabwa kosapiririka. Zikatero mankhwala amasiyidwa nthawi yomweyo, munthu n'kupita kuchipatala. Ine zimenezi sizinandichitikire.

Koma pali nkhani yomwe malangizo ambiri amangoidumpha, ndipo kwa ife a khungu lakuda ndi yomwe ili pamtima pa zonse. Amalemba kuti khungu likafiira uchepetse. Khungu langa silifiira. Likapsa ndi mankhwala limada kwambiri pamalopo, kapena kutuwa, nthawi zina kuoneka ngati lapepo. Ukamadikira kufiira, udzazindikira mochedwa. Chizindikiro changa ndi kumva, osati kuona: kutentha, kunyerenyetsa, kuthina ndikatsegula pakamwa.

Ndipo kupsako sikumangotha. Melanin ndiye amapatsa khungu mtundu wake. Anthu onse ali ndi maselo opanga melanin ochuluka pafupifupi mofanana, kusiyana kuli pa kuchuluka kwa melanin yemwe maselowo amapanga. Pakhungu lakuda maselo amenewa amachita changu. Pakangokhala kutupa kulikonse, kaya ndi chiphuphu, kulumidwa ndi udzudzu, kukanda kapena mankhwala owawa, amathira melanin wochuluka pamalopo. Banga lililonse pankhope yanga ndi pomwe panali kutupa. Ndiye mankhwala omwe ndawatenga kuti athetse mabanga atha kundipatsa mabanga atsopano ndikawakakamiza. Malangizo oti "pirira, khungu lizolowera" angathandize wina yemwe kufiira kwake kumatha m'masiku awiri. Kwa ine mtengo wa kupirira koteroko ndi miyezi ya chipsera.

Chotero ndinapumira adapalene kwa masiku angapo, n'kutsala ndi sopo ndi mafuta mpaka kunyerenyetsa kutatheratu. Timamba tija sindinatisende kapena kutikhula, tinachoka tokha posamba. Pobwerera ndasintha kachitidwe: mafuta odzola poyamba, akauma adapalene pamwamba pake, kenako mafuta pang'ono kachiwiri. Mozungulira pakamwa ndimangodutsapo ndi zotsalira pachala. Kuyambira pamenepo kusupuka kwachepa kwambiri.

M'masiku amenewa mtima umakhala ukufuna kuwonjezera china chake. Ndinaganizira za benzoyl peroxide, yemwe amapha tizilombo tija ndipo amagwirizana bwino ndi adapalene. Ndi mankhwala abwino, ndipo wa 2.5 peresenti amagwira ntchito pafupifupi mofanana ndi wa 10 peresenti koma osawawa kwambiri. Amasukulutsa mtundu wa nsalu, ndiye womugwiritsa ntchito azikhala ndi thaulo ndi nsalu ya pilo zoyera. Ndinaganiziranso za salicylic acid, yemwe amalowa m'timabowo tamafuta. Onse awiri amaumitsa khungu, ndipo khungu langa linali likudandaula kale. Sindinawonjezere chilichonse. Zokhulira kumaso za mchengamchenga zija sindikuziganizira n'komwe. Pakhungu lotupa, kukhula kumangobala mabanga.

Kufinya ndiye nkhondo ya usiku uliwonse. Ukaima pafupi ndi kalilole nkhope ili yoyera bwino, chiphuphu chakupsa chikukuyang'ana, zala zimapita zokha. Ukafinya, zina mwa zamkati zimaphulikira pansi pa khungu, kutupa kumakula, banga limazama. Chomwe chikundithandiza ndi timapepala tomata ta hydrocolloid. Ndimamata kamodzi pachiphuphu chomwe chili ndi mutu, kamamwa mafinya usiku, ndipo chala chikafika chimapeza pali potseka.

Za mafuta oyeretsa khungu

Munthu wina wondifunira zabwino ataona kusupuka kwa pakamwa anandiuza kuti, "Achemwali, mukuvutikiranji chonchi? Alipo mafuta ochotsa mabanga sabata imodzi yokha." Anandionetsa kachubu kake, ndipo sananame, nkhope yake inali yowala, yosalala. Ndinawerenga zilembo zing'onozing'ono za pambali. Panalembedwa clobetasol.

Clobetasol ndi betamethasone ndi mankhwala amphamvu a gulu la steroid, omwe madokotala amapereka kwa nthawi yochepa pa matenda enieni a pakhungu. Amazizimitsa kutupa msanga ndipo amayeretsa khungu, n'chifukwa chake masabata oyambirira amaoneka ngati chozizwitsa. Ukapitiriza, khungu limapyapyala, timitsempha timaonekera, ziphuphu zamtundu wina zimabuka, mizere yong'ambika imatuluka, zipere ndi matenda ena zimalowa mosavuta. Ukati usiye, nkhope imatentha n'kutupa kuposa poyamba, ndiye umabwereranso kwa mafuta omwewo. Umu ndi momwe amamangira munthu. Amene wawadzola nthawi yaitali asangosiya yekha mwadzidzidzi, akafunse dokotala momwe angatulukire.

Mafuta ena amakhala ndi hydroquinone. Uyu ndi mankhwala enieni a mabanga, koma amaperekedwa ndi dokotala kwa miyezi yowerengeka. Mayiko a European Union anamuletsa mu zodzoladzola kuyambira mu 2001. Akadzoledwa zaka, amatha kuyambitsa vuto lotchedwa ochronosis, pomwe masaya amada bii mosakanikirana ndi kubiriwira, ndipo limavuta kwambiri kuchiza. Enanso amakhala ndi mercury, chitsulo chapoizoni, kawirikawiri osalembedwa pabotolo. Bungwe la World Health Organization limachenjeza kuti mercury amawononga impso ndi ubongo, ndipo amafika kwa mwana wosabadwa. Pangano la mayiko la Minamata la mu 2013, lotchedwa dzina la mzinda wa ku Japan komwe mercury anadwalitsa anthu ambiri, linaletsa zodzoladzola zotere, koma zikugulitsidwabe.

Sindikumuweruza mnzangayo. Ndikudziwa momwe mabanga amatopetsera, ndipo ndikudziwa zomwe anthu amauza mtsikana wakuda kuyambira ali mwana. Omwe amandikwiyitsa ndi amene amathira poizoni m'kachubu, n'kulembapo mawu okoma, akudziwa bwinobwino kuti wogulayo sadzatha kusiya.

Dzuwa

Zolemba izi ndi za madzulo, koma ntchito ya usiku imawonongeka masana ngati nkhope ili pambalambanda. Dzuwa limadetsa banga lililonse lomwe likufuna kuzimiririka, ndipo khungu lomwe likudzoledwa retinoid limapsa msanga. Melanin amateteza ndithu, koma sakwanira. M'mawa uliwonse ndimadzola mafuta a dzuwa a SPF 30 kapena kuposa (SPF ndi muyeso wa mphamvu yawo yotchinga dzuwa). Ndasankha amtundu wofanana ndi khungu, okhala ndi iron oxide, chifukwa pakhungu lakuda ngakhale kuwala komwe timakuona ndi maso kumadetsa mabanga, ndipo iron oxide amatchinga kuwala kumeneko. Phindu lina n'lakuti sanditutuwitsa.

Mwezi wachitatu

Ndakwera pang'onopang'ono kuchoka pa kawiri pa sabata kufika podumphitsa usiku umodzi. Nthawi iliyonse ndisanakwere ndimadikira khungu likhale chete. Madokotala amati zotsatira za adapalene zimaoneka bwino pakatha masabata 8 mpaka 12, ndipo ndi momwe zachitikira. Ndikaika chithunzi choyamba pambali pa chaposachedwapa, chipumi chasintha kwambiri. Tiziphuphu ta m'mphepete mwa tsitsi tatha pafupifupi tonse, ndipo ndikayendetsa chala sindikumvanso timiyalamiyala tija ta pansi pa khungu. Pamenepa sindingagawe bwino kuti gawo la adapalene ndi liti, la mafuta a m'tsitsi ndi liti, koma kusinthako kunayamba adapalene asanalowe, ndiye zonse ziwiri zathandiza.

Mabanga akuchedwa, monga ndimayembekezera. Ofiirira a pamasaya apepuka, m'mbali mwake mwayamba kusakanikirana ndi khungu. Banga lomwe melanin wake ali pamwamba limazimiririka pakatha miyezi 6 mpaka 12 ngati sipakubweranso kutupa kwina. Lotuwa mobiriwira, lomwe melanin wake anagwera m'kati mwa khungu, limatha kutenga zaka. Ndili ndi angapo otere pachibwano, ndipo sanasunthe. Chomwe chikundisangalatsa n'chakuti mabanga atsopano achepa. Kwa nthawi yoyamba akale akuzimiririka popanda olowa m'malo mwawo.

Dongosolo lonse ndi lalifupi moti silikwana mphindi khumi, kuphatikizapo kudikira kuti nkhope iume. Ndaona kuti nthawi yabwino yochitira si pogona penipeni, maso atalemera kale. Ndimasamba kumaso ndikangomaliza za tsikulo, tulo tisanabwere, ndipo mafuta amakhala atalowa ndisanaike tsaya papilo. Usiku womwe ndatopa kwambiri ndimasiya adapalene, koma sopo ndi mafuta sindisiya.

Chotsatira ndi cha mabanga. Ndimayerekeza awiri. Niacinamide, yemwe ndi mtundu wa vitamini B3, ndi wofatsa, amachepetsa kusamuka kwa melanin kupita m'maselo a pamwamba, ndipo 2 mpaka 5 peresenti ndi yokwanira. Azelaic acid, yemwe madokotala amapereka pa 15 kapena 20 peresenti, amalimbana ndi ziphuphu ndi mabanga pamodzi, ndipo amagwira kwambiri maselo omwe akupanga melanin mopitirira, osasintha mtundu wa khungu lonse. Mtima wanga uli pa azelaic acid. Ayamba ndi pamkono monga mwa lamulo, kenako azilowa usiku womwe adapalene akupuma, kamodzi kapena kawiri pa sabata poyamba, popeza nayenso amanyerenyetsa masiku oyambirira.

Chatsala ndi ziphuphu zozama za pachibwano ndi m'nsagwada. Zithunzi zikuonetsa kuti zimabwera mwezi ndi mwezi, masiku ochepa ndisanayambe msambo. Zimenezi zimayendetsedwa ndi mahomoni, ndipo zodzola pamwamba sizizifika bwino. Adapalene wazichepetsa kukula, koma sanazilepheretse kubwera. Ndayamba kulemba masiku omwe zimatuluka pambali pa masiku a kumwezi, ndipo ndidzatenga zolembazo pamodzi ndi zithunzi pokaonananso ndi dokotala. Azelaic acid adikira mpaka titakambirana zimenezi, kuti ngati pangafunike mankhwala akumwa, asalowe nthawi imodzi.